Ndafika ku Edinburgh: masiku oyambawa ndiziyenda mumzinda kapena ndikhale phee kudikira makalasi?

Tadala M.
Moni nonse akuluakulu ndi anzanga pagulu pano. Ndafika bwino ku Edinburgh kuno ku Scotland, ndipo zikomo nonse amene munandipatsa nzeru pa nkhani ya visa ndi zoyezetsa TB zija. Makalasi sanayambe, tili m'sabata yolandira ophunzira atsopano, ndiye nthawi ndili nayo. Funso langa ndi lakuti, masiku amenewa ndiwagwiritse ntchito bwanji? Achimwene anga kumudzi akuti ndizikhala m'chipinda, ndiyambiretu kuwerenga, ndalama ndisunge chifukwa paundi si yoseweretsa. Koma mtima wanga ukukana. Dzulo ndinatuluka wapansi kuchokera ku Newington kumene ndikukhala, ndinatsata Nicolson Street mpaka kukatulukira pa North Bridge. Kumanzere kuli linga lakale lija la Edinburgh Castle, lakhazikika pamwamba pa thanthwe lakuda, pansi pa mlatho pali madenga a siteshoni ya sitima ya Waverley, kumanja kuli phiri. Ndinaima pamenepo mpaka zala zinachita dzanzi ndi mphepo. Amene munakhalako kuno kapena m'mizinda ina ya ku Ulaya, munayamba bwanji?

Bambo a Chikondi (Area 25)
Mwanawe, tithokoze Mulungu kuti wafika bwino. Ine ndili kumbali ya achimwene akowo. Amene akukulipirira sukuluyo sakulipira kuti ukaone nyumba za miyala. Masters ya kumeneko ndi chaka chimodzi chokha, ukangophethira basi mayeso afika. Wanganso akukonzekera kupita chaka chamawa ndipo ndamuuza zomwezi. Zoyendayenda ukachite ukamaliza kulemba.

NaJere wa ku Leith
Tadala mwana wanga, takulandira. Bambo a Chikondi, mundikhululukire, pa ichi chokha ndisiyana nanu. Ndakhala kuno nthawi yaitali ndikugwira ntchito ya unamwino, ndipo ana athu obwera kudzaphunzira ndawaona ambiri. Chimene chimawagwetsa kawirikawiri si mabuku ayi. Ndi mdima.

Pano mu September dzuwa likulowa cha m'ma 7 koloko madzulo, kunja kukuoneka bwino. Lamulungu lomaliza la October tidzabweza mawotchi ndi ola limodzi, ndipo kuyambira pamenepo tsiku limafupika mooneka ndi maso. Pofika pakati pa December kumacha cha m'ma 8:40 m'mawa, 4 koloko isanakwane kwada kale. Mwana amene sanaudziwe mzinda kukadali kowala, nthawi imeneyo amangodziwa njira ziwiri, ya kukalasi ndi ya kuchipinda. Amayamba kugona masana, kudya mabisiketi m'malo mwa chakudya, foni za kumudzi osayankha. Ndawatengapo ana otere kudzakhala nawo kwanga Loweruka ndi Lamulungu kuti mtima ubwerere m'malo. Amene anayendayenda poyamba amakhala ndi kopita: amadziwa laibulale ina yofunda, golosale yotchipa, tchalitchi kapena mzikiti, benchi yoyang'ana kunyanja.

Ndiye Tadala, gawa tsiku pawiri. M'mawa zamapepala. Ukalembetse kwa dokotala wa m'dera lako, amene kuno timati GP, usadikire kudwala. Ndalama ya chipatala unalipira kale pamodzi ndi visa, ndipo kuno ku Scotland mankhwala amene dokotala wakulembera salipiritsa. Utsegule akaunti ya kubanki, ugule SIM ya kuno. Masana ukadya, vala nsapato zabwino uziyenda.

Bambo a Chikondi (Area 25)
Mayi NaJere, za mdimazo sindimazidziwa, zikomo. Koma nanga ndalama? Malo oterowo sakhala olipira pakhomo?

NaJere wa ku Leith
Castle ndi yolipira, imeneyo adikire kaye. Koma National Museum of Scotland pa Chambers Street ndi yaulere. National Gallery, nyumba yoonetsera zojambula ya pa msewu wa Mound, yaulere. Nyumba ya malamulo ya Scotland kumunsi kwa msewu wa Royal Mile amalowetsa anthu ulere. Mapiri, Calton Hill ndi Arthur's Seat, palibe wotchaja. Gombe la Portobello ndi la aliyense. Mwezi wathunthu atha kuyenda osatulutsa kalikonse kupatula ya basi.

Kondwani (Glasgow)
Achemwali Tadala, takulandirani ku Scotland. Za basi ndiwonjezere. Mabasi a Lothian, ofiirira ndi oyera aja, dalaivala sabweza chenji. Mukaponya ndalama m'kabokosi kaja yapita yonse. Chosavuta ndi kugunditsa khadi ya kubanki kapena foni pa kamakina ka pakhomo, ndipo muzigwiritsa khadi imodzimodziyo tsiku lonse chifukwa ikafika pamlingo wina amasiya kudula ngakhale mukwere kangati. Pa siteji muzikweza dzanja kuti iime. Potsika anthu amathokoza dalaivala, inunso muzitero, amakondwera nazo. Ngati simunakwane zaka 22 mabasi ndi aulere dziko lonse la Scotland kuyambira 2022, bola mukhale ndi khadi yake.

Tadala M.
Zikomo achimwene. Ndili ndi zaka 26, ndiye ya ulereyo yandidutsa. Mayi NaJere, za GP ndipita mawa m'mawa. Chinthu china chimene chandizunguza mutu ndi chakuti mzindawu uli ngati wosanjikizana. Foni imakuuza kuti wafika pa msewu wa Cowgate, iwe ukuyang'ana uku ndi uku osauona, kenako ukasuzumira pa kampata kena pakati pa nyumba ukuona msewuwo uli pansi pako, magalimoto akudutsa kunsi kwa mapazi ako. Msewu umene waimapowo ndi mlatho koma suoneka ngati mlatho chifukwa mbali zonse kuli mashopu.

Kondwani (Glasgow)
Pamenepo ndi pa South Bridge. Unamalizidwa mu 1788, uli ndi zipata 19 kunsi kwake koma chooneka ndi chimodzi chokhacho cha pa Cowgate, zinazo anazitsekera ndi nyumba zimene anamanga mogundana ndi mlathowo. George IV Bridge ndi chimodzimodzi. Mzinda wakale anaumanga pamsana pa chitunda chochokera ku Castle kutsikira ku Holyrood, mbali zonse kuli zigwa, ndiye anthu atachuluka anayamba kumanga mokwera m'mwamba, kenako n'kudumphitsa milatho pamwamba pa zigwazo. N'chifukwa chake nyumba imodzi itha kukhala ndi khomo pa msewu wapamwamba ndi lina pa msewu wapansi. Tinjira topanikiza tija totsika kuchokera pa Royal Mile musatiope masana, lowanimo, ndi mmene mungadulire. Mukawoloka Princes Street kupita kumpoto mupeza New Town, misewu yake yowongoka ngati yojambula ndi rula, pulani yake ndi ya 1767. Mbali ziwirizi pamodzi UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 1995.

aMbewe (Zomba)
Ine sindinafikeko kumeneko koma ndaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale zaka zambiri, ndipo ndikukusirira mwana wanga. Usachoke pa Princes Street osaona chipilala cha David Livingstone. Chili m'munda wa maluwa pafupi ndi nsanja yakuda ija ya Walter Scott. Anachiimika mu 1876, chaka chomwenso a Church of Scotland anatsegula mishoni ya Blantyre kuno kwathu. Anachiumba ndi mzimayi, Amelia Hill. Ndiponso uzikumbukira kuti misewu ukuyendayo anayendamo Kamuzu Banda ali wophunzira za udokotala, mapepala ake a ku Edinburgh anatenga mu 1941, ndipo ukulu wa mpingo umene ankaunyadira uja anaulandira komweko. Si mlendo kwenikweni iwe mumzinda umenewo. Ukatijambulire chithunzi ndikaonetse ana m'kalasi.

Yamikani (Berlin)
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, chithunzicho ajambule koma anawo mukawauzenso mbali inayo. Livingstone atamwalira mu 1873 amene ananyamula mtembo wake miyezi yambiri mpaka kugombe ku Bagamoyo ndi Susi, Chuma ndi anzawo. Pa Princes Street waima yekha. Komanso mwana wake wamkazi Agnes anakwatiwa ndi Alexander Low Bruce, mkulu wa kampani yofulula mowa ya mu Edinburgh momwemo, ndipo banja limenelo ndi limene linali ndi esiteti ya Magomero. Thangata imene inawawa anthu mpaka John Chilembwe kuukira mu January 1915 inali ya pa esiteti imeneyo. Ine ndikamayenda m'mizinda ya kuno ndimadzifunsa kuti nyumba zokongolazi ndalama yake inachokera kuti. Kuno ku Berlin ndi kumene anakhala pansi mu 1884 ndi 1885 kukambirana zogawana Africa, ndipo pamalopo pali kachikwangwani kokha kamene anthu ambiri amangokadutsa.

aMbewe (Zomba)
Yamikani, zimene wanenazo ndi zoona zonse ndipo za Magomero timaphunzitsa. Koma usaiwale 1959. Boma la atsamunda litalengeza za chipwirikiti mu March, n'kumanga Kamuzu ndi atsogoleri a Congress, msonkhano waukulu wa Church of Scotland umene umakumana pa Mound mu Edinburgh momwemo unayankhula poyera kuikira kumbuyo anthu a ku Nyasaland, pamene ambiri ku London ankafuna chitaganya chipitirire. Nyumba ya msonkhanoyo Tadala aziidutsa tsiku ndi tsiku, ya nsanja ziwiri zakuda ija yoyang'ana ku Princes Street. Mzinda umodzi womwewo unatulutsa eni esiteti ndiponso abusa amene anatsutsa chitaganya. Mwana aone zonse ziwiri ndi maso ake.

Yamikani (Berlin)
Pamenepo tagwirizana aphunzitsi. Chimene ndimakana ine ndi choti munthu afike n'kumangoti zonse n'zokongola basi. Achemwali Tadala, mukafika pa St Andrew Square muwerenge zimene analemba pansi pa chipilala chachitali cha Henry Dundas, nduna ya boma la Britain ya kalekale. Eni mzinda okha akhala akukangana za munthu ameneyo ndi mbali imene anatenga pochedwetsa kuthetsa malonda a akapolo.

Mai Tembo (Chipata/Aberdeen)
Ise a ku Zambia tikumbutseko kuti mtima wa Livingstone uli kwathu kwa Chitambo, thupi lokha ndiye lili ku Westminster Abbey. Koma mwanayu mwamudyetsa mbiri yokhayokha. Tadala, wadya nsima chifikire?

Tadala M.
Ayi mayi, chifikire ndi buledi, mazira ndi mpunga. Mthiko ndinabwera nawo, amayi anauika okha m'chikwama, koma ufa sindinaupeze.

Mai Tembo (Chipata/Aberdeen)
Ufa ulipo. Funa mashopu a anthu a ku Africa kapena a amwenye, ufunse ufa woyera wa chimanga wa ku South Africa, wa Iwisa ndi umene umapezeka kwambiri. Usagule wachikasu wa polenta, kapena woyera wosalala kwambiri wolembedwa cornflour, umenewo ndi wokhwimitsira supu, nsima siituluka. Ndiwo zamasamba gula zimene pa Chingerezi amati "kale" kapena "spring greens", ukazidula bwinobwino n'kuthira tomato ndi anyezi sizisiyana kwambiri ndi repu. Ukafuna zotendera, peanut butter wopanda shuga amagwira ntchito. Nsomba yotchipa ndi mackerel.

NaJere wa ku Leith
Mashopu amenewo ali ambiri ku Leith Walk ndi ku Gorgie, enanso pafupi nawe pomwepo pa Nicolson Street. Zina zonse uzigula ku Lidl kapena Aldi. Madzulo masitolo ambiri amamata timapepala totsitsa mtengo pa zakudya zimene masiku ake akutha, palibe chamanyazi pamenepo, eni dziko amene amazilimbirana. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, usawononge ndalama pa a m'botolo. Ukamaphika m'khitchini ya ophunzira uzitseka chitseko n'kuyatsa chokoka utsi, chifukwa alamu ya moto ikalira nyumba yonse imatuluka panja.

Za zovala: ambulera usagule, mphepo ya kuno imaithyola tsiku lomwelo. Funa jekete yosalowa madzi yokhala ndi chipewa chake. Pa Clerk Street ndi Nicolson Street pali mashopu ambiri a kaunjika a mabungwe othandiza anthu, majekete abwino amapezeka pa mtengo wochepa, koma pita msanga chifukwa ophunzira anzako onse akulowera komweko sabata ino. Nsapato zikhale zogwira pansi, miyala ya m'misewu ya Old Town ikanyowa imaterera.

Mphatso K.
Pepani kulowerera. Ine ndikubwera mu January ndipo malo ogona sindinapeze. Pali munthu wina pa intaneti akuti nditumize ndalama ya miyezi itatu kuti andisungire chipinda. Nditumize?

Kondwani (Glasgow)
Musatumize. Ku Scotland lamulo limati chikole cha nyumba chisapose lendi ya miyezi iwiri, ndipo mwini nyumba amayenera kuchisungitsa ku bungwe lovomerezeka ndi boma, osati m'thumba mwake. Eni nyumba zalendi amalembetsanso ku khonsolo ndipo amakhala ndi nambala imene mutha kuifufuza nokha pa intaneti. Nyumba ku Edinburgh n'zosowadi, khonsolo inachita kulengeza mu November 2023 kuti vutoli lafika poipa, ndiye akuba akudyerapo pa mantha a anthu. Yambani mwalembera ofesi yoona za malo ogona pa yunivesite yanu. Mukapeza chipinda kwina, mupemphe munthu ali komweko akachione ndi maso.

NaJere wa ku Leith
Mphatso, undilembere kumbali, ndikakuonera.

Tadala M.
Ndabweranso ndi lipoti la lero. M'mawa ndalembetsa kwa GP, fomu yake sinali yovuta. Kenako ndinalowa mu National Museum ndi mtsikana wina wa ku Indonesia amene tikugona nyumba imodzi. Ndamuona Dolly, nkhosa ija tinkaiwerenga mu biology, yoyamba kupangidwa kuchokera ku selo la nkhosa ina yaikulu. Anabadwira ku Roslin kunja kwa mzinda uno mu 1996. Ali m'bokosi la galasi limene limazungulira pang'onopang'ono, ubweya wake wotuwa ngati wa nkhosa ina iliyonse, ndipo ana asukulu anaunjikana pamenepo kumuloza. Titatuluka tinaona anthu ali pamzere kujambulitsa ndi chifanizo cha kagalu, Greyfriars Bobby, mphuno yake yachita kuyera chifukwa chogwidwagwidwa.

Tili pa Princes Street kunalira mfuti yaikulu kuchokera ku Castle, ine mtima unachita kudumpha, koma mayi wina wachikulire amene anali patsogolo pathu anangoyang'ana wotchi yake n'kumapitirira. Mnzangayo ndiye anandiuza kuti imalira 1 koloko masana tsiku lililonse kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi, ndipo anayamba mu 1861 kuti oyendetsa zombo ku doko la Leith azitchera mawotchi awo. Aphunzitsi a Mbewe, chithunzi cha Livingstone ndajambula, nditumiza. Ali ndi Baibulo m'dzanja. Anthu ambiri amangomudutsa, maso ali pa nsanja ya Scott.

Madzulo tinakwera Arthur's Seat. Ndi phiri la mamita 251 lili m'kati mwenimweni mwa mzinda, monga mmene Soche alili ku Blantyre, kungoti lilibe mitengo, ndi udzu ndi miyala basi. Pamwamba mphepo imachita kukukankha. Koma kuchokera pamenepo ndi pamene mzinda unalowa m'mutu mwanga: uko Castle, uko Leith ndi nyanja ya Forth, uko kumene kuli sukulu yanga, uko kumene ndikugona. Potsika sindinatsegulenso mapu a pa foni.

Chimodzi chokha chikundiwawa. Ndikapereka moni pa masitepe munthu amangomwetulira n'kudutsa. Tsiku limatha osafunsidwa kuti wadzuka bwanji.

NaJere wa ku Leith
Chimenecho chimawawa ndithu mwana wanga, ndipo sichitha msanga. Si kuti akukuda, ndi mmene analeredwera, saima panjira. Koma ukawapeza pamalo pamene akhala pansi, pa siteji ya basi, kutchalitchi pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, kapena m'timagulu ta pasukulu, anthu a kuno ndi ochezeka, makamaka achikulire. Ukangotchula Malawi ambiri amadziwa, wina akuuza kuti sukulu ya mwana wake ili pa ubale ndi sukulu ya ku Mzimba, wina kuti azakhali ake anagwirapo ntchito ku Ekwendeni. Maboma awiriwa anasainirana mgwirizano mu 2005, nthawi ya Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, ndipo bungwe la Scotland Malawi Partnership lili mu Edinburgh momwemuno. Lembetsa kuti uzimva za misonkhano yawo, kumeneko ukakumana ndi a kwathu. Sabata ino ku yunivesite kuli matebulo a magulu a ophunzira, lowa limodzi kapena awiri, lina lisakhale la anthu a ku Africa okhaokha. Lamulungu ubwere kwanga, tramu, sitima yoyenda mumsewu ija, imafika ku Leith, ndikakuchingamira pa siteji. Ubwere ndi mnzako wa ku Indonesia uja.

Bambo a Chikondi (Area 25)
Ndawerenga zonse. Tadala, lero lonseli wawononga zingati?

Tadala M.
Kapu imodzi ya tiyi basi bambo, kwina konse tinayenda wapansi.

Bambo a Chikondi (Area 25)
Chabwino. Ine ndikadali pomwepo kuti makalasi akayamba mabuku akhale patsogolo, ndipo za ganyu usathamangire ngakhale visa imalola maola 20 pa sabata, ndamva kuti ena amathera mphamvu kumeneko. Koma za mdima zija ndamuwerengera wanga kuti amve. Uziwaimbira amayi ako, anthu akuluakulu sagona mwana akakhala kutali.

Yamikani (Berlin)
Poimba muzikumbukira nthawi achemwali. Pano kumudzi ali patsogolo panu ndi ola limodzi, mawotchi akabwezedwa kumapeto kwa October adzakhala maola awiri. Mukatuluka m'kalasi 6 koloko, kumudzi ena agona kale.

aMbewe (Zomba)
Chithunzi chafika, zikomo kwambiri mwana wanga. Pempho lina: ku Blantyre ya kumeneko, kumene Livingstone anabadwira mu 1813, n'kutali ndi kumene uliko?

Kondwani (Glasgow)
Si kutali aphunzitsi, ndi ulendo wopita n'kubwera tsiku lomwelo. Achemwali Tadala, mukwera sitima pa Waverley kupita ku Glasgow Queen Street, pafupifupi mphindi 50. Mukatsika muyenda pang'ono kupita ku Glasgow Central, mutsikire ku masitima a pansi, ya ku Blantyre imatenga mphindi ngati 20. Nyumba imene anabadwiramo ili pafupi ndi siteshoni, m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, inali nyumba ya anthu ogwira ntchito pa fakitale ya thonje ndipo banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi. Musanagule tikiti pezani kaye 16-25 Railcard, imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo. Zaka 26 zisakuletseni, wophunzira wa tsiku lonse amaloledwa, kungoti yunivesite imayenera kukusainirani fomu. Muonenso kaye masiku amene amatsegula chifukwa nyengo yozizira amasintha. Mukasankha Loweruka mundiuze, ndikudikirani pa Queen Street tipitire limodzi.

Mphatso K.
Ngati mudzapitenso mu January munditenge. Mayi NaJere ndakulemberani kumbali.